Kaswichi Kolembedwa Kuti "Konzani"

1. Dzina la kaswichi

Dzina loti Kachangu anamupatsa ndi mayi ake, ndipo silinali lomuyamikira ayi. Mtsikanayu ankachita chilichonse ngati pali womuthamangitsa. Akamatsuka mbale, imodzi inkasweka ndithu. Akamalemba mayeso ankatuluka woyamba, n'kukumbukira ali panja kuti kuseri kwa pepala kunalinso mafunso.

Koma mutu wokha unkagwira. Atamaliza sekondale anapeza malo ophunzirirapo ntchito pa kampani ina yaing'ono yopanga mapulogalamu a pa foni. Kampaniyo inali m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo yogulitsa penti, moti aliyense wogwira ntchito kumeneko ankafika kwawo akununkha ngati khoma latsopano.

Pulogalamu yawo inali yotumizirana mauthenga a mawu. Okalamba ndi ena ovutika kulemba ankaikonda kwambiri, poti umangodina n'kuyamba kulankhula. Mauthengawo ankakhala mufoni ya mwini wake basi. Kampani sinkasunga ngakhale umodzi.

Lolemba m'mawa bwana anaitana Kachangu.

"Anthu akudandaula kuti mafoni awo adzaza," anatero bwanayo. "A Injiniya apanga kale kaswichi. Munthu akakakankhira kumanja, mauthenga onse opitirira miyezi itatu azifufutika, malo n'kupezeka. Chatsala ndi dzina lake. Ukalembe mawu ochepa, okongola, oti akwane pamzere umodzi. Lachisanu 5 koloko madzulo tikutumiza kwa anthu onse. Ukaigwira bwino imeneyi, tikambirana zokulemba ntchito."

Kachangu anatuluka chimwemwe chitadzaza tsaya. Anakhala pakompyuta n'kulemba kuti, "Fufutani mauthenga opitirira miyezi itatu." Mawuwo anasefukira mpaka mzere wachitatu. Anafufuta. Analemba kuti, "Chotsani zakale." Anaona kuti akuopseza, anthu sangadine. Anafufutanso.

Apa m'pamene anakumbukira mayi ake ataima pakhomo la chipinda chake, manja ali m'chiuno, akuti, "Iwe Kachangu, takonza muno! Mapepala akalewa ukataye kudzala." Kukonza kwa mayi ake kunali kumeneko, kuchotsa zosafunika kuti m'nyumba muoneke mwa anthu.

Analemba mawu awiri: "Konzani mawu." Anakwana pamzere umodzi, malo n'kutsalako. Anawayang'ana kwa nthawi, n'kumwetulira yekha.

2. Mauthenga asanu ndi awiri

Mayi a Kachangu anali atamwalira miyezi khumi yapitayo. Panyumba anatsala awiri okha, iye ndi bambo ake.

Bambowo anali wokonza nsapato. Benchi yawo inali pakhonde la sitolo ina pafupi ndi pokwerera mabasi, ndipo pamwamba pake panali kachikwangwani ka lata kolembedwa kuti TIMAKONZA NSAPATO. Zaka makumi atatu anakhala pamenepo ndi nyundo, singano, ulusi ndi chitini cha guluu. Nsapato yoti mwini wake anaitaya mtima, yoyasama kutsogolo, chidendene chitapita, iwo ankaibweza ikuyenda.

Mufoni mwawo munali mauthenga asanu ndi awiri a akazi awo. Mawu a malemuwo anatsala m'menemo mokha, chifukwa foni ya mayiwo inasowa tsiku la maliro m'chipwirikiti cha anthu.

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, bambowo ankapukuta zala pansanza n'kudina uthenga umodzi. Sanali mauthenga a nzeru zakuya ayi. Wina unkangoti, "Bambo ake a mwana, mwaiwalanso magalasi pawindo. Musoka bwanji lero? Musakasokere chala chanu kunsapato ya mwini." Kenako kuseka. Kusekako n'kumene bambowo ankakudikira.

Uthenga wachisanu ndi chiwiri unachokera kuchipatala, ndipo unali wa Kachangu. Bambo ake anamuuza kangapo.

"Pali mawu ako muno. Mayi ako anasiya."

"Ndidzamvera, Ababa. Lero ayi."

Zinali zomvetsa chisoni ndithu. Mtsikana wothamangira chilichonse, chinthu chimodzi chokha chimene anachizengereza pamoyo wake chinali chimenechi. Akangomva mawu a mayi ake akuyamba, ankatuluka panja. Ankati adzamvera mtima ukadzakhala m'malo.

Madzulo a Lolemba lomwelo, akudya, bambo ake anadandaula.

"Foni ija inagwa pasimenti dzulo. Kuchokera pamenepo mawu a mayi ako akusasa ngati ali ndi chimfine. Ngakhale kuseka kuja sikukumveka bwino."

"Ndi kasipika kawonongeka," anayankha Kachangu. "Loweruka tipita nayo kokonzetsa."

"Loweruka n'kutali," anatero bambowo, n'kuika foniyo m'thumba la malaya.

3. Chenjezo la Mayi Zilembo

Pakampanipo panali mayi wina wachikulire amene onse ankamutcha Mayi Zilembo. Anagwira ntchito zaka zambiri kosindikizira mabuku, ndipo tsopano ntchito yawo inali kuona mawu onse asanalowe mupulogalamu. Makompyuta sankawadziwa kwenikweni. Ankalemba ndi chala chimodzi, koma cholakwa chikabisala pakati pa mawu chikwi ankachitulutsa.

Lachiwiri Kachangu anawaonetsa ntchito yake. Mayi Zilembo anatsitsa magalasi mpaka kunsonga kwa mphuno, n'kuwerenga mokweza.

"Konzani mawu. Kachita chiyani kameneka?"

"Kamafufuta mauthenga akale, Mayi."

"Nanga bwanji sikakunena choncho?"

"Mawu ake atalika. Sakukwana."

Mayi Zilembo anakoka mpando. "Khala pansi, mwana wanga. Usayang'ane wotchi, sindikuchedwetsa.

"Liwu lakoli ndi labwino, koma lili ndi nkhope zambiri. Mayi akati konza pabedi, akunena kuyala. Mphunzitsi akati konza chiganizo, akunena kuwongola cholakwa. Wophika akati ndikukonza chakudya, akunena kuphika. Makaniko akati ndakonza galimoto, akunena kuti inafa koma yadzuka. Tsono iwe wasankha nkhope imodzi imene ili m'mutu mwako, n'kuyesa kuti aliyense aiona yomweyo. Munthu wa panjayo sali m'mutu mwako. Ali yekha ndi foni yake, alibe womufunsa. Chimene walembacho ndiye pakamwa pako. Ukanong'ona, sakumva. Ukazungulira, asochera.

"Ndipo taona swichi ya magetsi ili pakhomapo. Ukazimitsa umayatsanso. Aliyense anakula akudziwa kuti swichi imabwerera. N'chifukwa chake anthu saopa kuikhudza, amati ndiyese ndione, zikavuta ndibweza. Iwe waika swichi pa chinthu chosabwerera. Kumeneko n'kunamiza chala cha munthu. Chinthu chosabwerera chimafuna funso, ndipo funsolo lizinena zonse poyera: mauthenga akutiakuti afufutidwa, sadzabwereranso, kodi mukuvomera? Munthu akavomera ataona zimenezo, wasankha yekha. Akadina asanaone, wamusankhira ndiwe.

"Kaswichi kakonso kakungosintha mtundu, kotuwa n'kukhala kobiriwira. Ine ndi maso angawa ndidziwa bwanji kuti kayaka kapena kazima? Lemba pambali pake. Mawu awiri amenewo sakuthyola dzanja."

Kachangu anagwedeza mutu, koma phazi lake linali likugunda pansi.

"Ndikuona phazi lakolo," anatero Mayi Zilembo. "Imva ichi, kenako upite. Ndili msinkhu wako ndinapatsidwa kapepala komata pabotolo la mankhwala a ng'ombe. Mawu ake anali oti, sungunulani m'madzi musanamwetse. Sanakwane. Ndinadula, n'kusiya oti mwetsani ng'ombe. Anakwana bwino, anaoneka okongola, bwana wanga anandiyamikira. Patatha mwezi kunabwera bambo wina, kapepala kaja kali m'manja. Ng'ombe zake zitatu zinali zitafa. Sanakalipe, sanatukwane. Anangondifunsa kuti, Mayi, ine ndalakwa pati? Ndachita zimene munalemba. Zaka makumi anayi zapita, koma funso limenelo sindinaliyankhe mpaka lero."

Anavula magalasi n'kuwapukuta pampango wawo.

"Tsikira pansipa. Upeze anthu asanu amene sadziwa chilichonse cha ntchito yathu. Wogulitsa penti, mlonda, mayi aliyense wodutsa. Uwaonetse kaswichiko n'kuwafunsa kuti, mukakankha apa chichitike n'chiyani? Usawathandize kuyankha. Wina akangonena zosiyana ndi kufufuta, liwulo lalephera."

4. Onse asanu

Kachangu anatsika masitepe atatu n'kuima. Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Wogulitsa penti anali pakati pa makasitomala, ndipo mlonda anali munthu wa nkhani zosatha, woti ukamupatsa moni wataya ola lathunthu. Anabwerera m'mwamba.

Anapita kwa a Injiniya, amene anapanga kaswichiko ndi manja awo, n'kuwafunsa kuti, "Mukakankha apa chichitike n'chiyani?"

"Mauthenga akale afufutika," anayankha osachotsa maso pakompyuta. "Zili bwino zimenezo."

Kufunsa wopanga chinthu ngati akuchidziwa chinthu chakecho, ndiye kufunsa kwanji kumeneko? Koma Kachangu anawerenga kuti ameneyo ndi mmodzi.

"Nanga funso loti munthu avomere kaye, mungaliike?"

A Injiniya anakanda mutu. "Ndingaliike, koma ndiye Lachisanu sitikwanitsa. Ukawauze bwana kuti tisunthe tsiku."

Kachangu sanapite kwa bwana. Kusuntha tsiku pa ntchito yake yoyamba kunamuonekera ngati kudzitsekera yekha chitseko.

Lachitatu m'mawa Mayi Zilembo anamufunsa. "Unawafunsa anthu aja?"

"Ndinawafunsa, Mayi. Amva."

"Onse asanu?"

"Onse asanu."

Mayi Zilembo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi. "Ngati anthu amva, ine ndine yani woti nditsutse? Koma funso lija muliike."

"Tiliika."

"Chabwino. Mawa ndi mkuja kulibe ine, ndikukaonetsa maso kuchipatala. Ndasiya m'manja mwako."

Tsiku lomwelo bwana anauza antchito onse kuti aike pulogalamu yatsopanoyo m'mafoni a abale awo, aiyese isanapite kwa anthu onse. Analamulanso kuti kaswichiko kakhale pamwamba penipeni pa mndandanda wa mauthenga, kuti aliyense akaone.

Madzulo, bambo ake akusamba m'manja kuchotsa guluu, Kachangu anatenga foni yawo patebulo n'kuikamo pulogalamuyo. Sanawauze. Ankafuna Loweruka adzawaonetse monyadira kuti, mawu awa ndinalemba ndine. Kaswichiko kanali kozima, ndipo iye ankadziwa kuti bambo ake sakhudza zinthu zosazidziwa mufoni. Anaiwala kuti liwu limene analembalo bambo ake ankalidziwa kuposa liwu lina lililonse.

5. Swichi yosabwerera

Lachisanu 3 koloko itadutsa, foni ya Kachangu inalira. Anali bambo ake. Sankaimba nthawi ya ntchito.

"Mwananga, ukaweruka udzere kuno."

"Kwagwanji, Ababa?"

"Udzere kuno basi."

Mawu awo anali otsika, ngati a munthu wodwala. Kachangu sanadikire kuweruka. Anapempha chilolezo kwa a Injiniya n'kuthamangira minibasi.

Anawapeza atakhala pabenchi, nsapato ya mwini ili pamwendo, singano ikulendewera paulusi. Nkhomaliro yawo inali pambali, yosatsegula. Foni inali m'manja, ndipo chala chawo chachikulu, chakuda ndi polishi, chinali chikukankha kanthu pagalasi. Kumanja, kumanzere. Kumanja, kumanzere.

"Ababa?"

Anadzutsa mutu. Maso awo anali ofiira.

"Wabwera. Iwe umazidziwa izi. Tandibwezera mayi ako."

Kachangu analandira foniyo. Pamwamba panali kaswichi kake, ndi mawu ake awiri okongola aja. Pansi pake, pamene pankakhala mauthenga asanu ndi awiri, panali poyera. Panangolembedwa kuti, "Palibe mauthenga."

"Ndinati ndimvere masana ano monga mwa masiku onse," anafotokoza bambowo. "Mawu aja anali akusasabe. Ndiye ndinaona apa palembedwa kuti konzani mawu. Ndinati, ee, anthu awa aganiza bwino, adziwa kuti mawu amawonongeka. Ndinati bwanji ndidikire Loweruka pomwe chokonzera chili pompano. Ndimangofuna kuti mayi ako amveke bwino."

Analoza kaswichiko.

"Nditakankha, onse anachoka. Ndinati mwina apita kokonzedwa, abwera. Ndinadikira ola lathunthu. Kenako ndinabweza kaswichiko. Sanabwere. Ndakankha, ndabweza, kuyambira masana. Kodi pali pena pofunika kudina?"

Kachangu anatsegula apa, n'kutsegula apo. Anazimitsa foni n'kuiyatsanso. Ankadziwa bwino lomwe kuti akungotaya nthawi, pakuti mauthengawo sanali kwina kulikonse. Koma kuyang'ana pafoni kunali kosavuta kusiyana ndi kuyang'ana bambo ake.

"Sangabwere, Ababa," anatero potsiriza.

"Ngakhale kuntchito kwanu?"

"Kuntchito sitisunga."

Bambowo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga nsapato ija n'kuiika pansi mosamala, pafupi ndi inzake. Basi ina inaliza hutala, anthu anadutsa ndi katundu pamutu, ndipo palibe amene anadziwa kuti pakhonde paja pagwa maliro kachiwiri.

"Ndine chitsiru," anatero. "Zala za guluu izi zikakhudze zinthu za anthu ophunzira? Ukanakhala iwe ukanamva tanthauzo lake. Amene analemba apa ndi anthu a sukulu, sangalakwitse. Ndalakwa ndine. Ndawataya ndekha mayi ako, ndi chala changa. Ndipo mawu ako aja, mwananga, sunawamve n'komwe. Undikhululukire."

6. Amene analemba

Njira yothawira inali yotseguka. Bambo ake sankadziwa amene analemba mawuwo. Akanatha kukhala chete, kuwagwira paphewa, n'kunena kuti zinthu zimachitika. Akanamukhulupirira. Akanasenza mlanduwo okha mpaka kumanda.

Kachangu anagwada pasimenti, pakati pa zidutswa za zikopa ndi timisomali.

"Ababa, simunalakwe. Munachita zimene zinalembedwa."

"Nanga bwanji..."

"Ndinalemba ndine."

Bambowo anamuyang'ana ngati sanamve.

"Mawu awiriwo ndi anga. Ndinapatsidwa Lolemba. Kaswichiko kamafufuta mauthenga akale, koma ine ndinalemba kuti konzani chifukwa mawu oona anatalika. Mayi Zilembo anandichenjeza. Anandituma kuti ndifunse anthu asanu, ine sindinapite, ndinawanamiza kuti ndafunsa. Anati tiike funso loti munthu avomere kaye, sindinaike. Ndipo ndine ndinaika pulogalamuyo mufoni mwanu Lachitatu, inu mukusamba m'manja."

Misozi inali ikugwera pamaondo ake. Sanaipukute.

Bambo ake sanakalipe. Akanakalipa zikanakhala bwino. Anatembenuka n'kuyang'ana kachikwangwani kawo ka lata, kenako manja awo.

"Zaka makumi atatu ndakhala pansi pa liwu limeneli," anatero. "Munthu akabwera ndi nsapato yake, amabwera chifukwa sakufuna kuitaya. Akanafuna kuitaya, dzala lili paliponse, sakanavutika kufika kuno. Akandipatsa n'kunena kuti mundikonzere, akunena kuti, ichi ndimachikonda, chibwerere kwa ine. Zina zimandikanika, n'zoona. Zikandikanika ndimamuuza maso ndi maso kuti, achimwene, iyi yatha. Koma sindinatengepo nsapato ya munthu, n'kuiponya pamoto, n'kumuuza kuti ndakonza.

"Iwe wapita kusukulu, ine sindinapite patali. Koma imva kwa ine. Ukamalemba mawu oti anthu adine, uzikumbukira kuti kuseri kwa galasilo kuli munthu amene wagwira chinthu chake chokhacho. Iwe sukumuona. Sukudziwa chimene wasunga m'menemo. Kwa iwe ndi zakale zodzaza malo. Kwa iye mwina ndi mkazi wake."

"Ndimaganiza za Amayi polemba," anatero Kachangu akusisima. "Ankati, takonza muno, mapepala akalewa ukataye."

Bambowo anapumira m'mwamba. Pakamwa pawo panagwedezeka ngati afuna kumwetulira, koma sizinatheke.

"Ankatero ndithu. Koma asanataye pepala lililonse ankabwera nalo kwa ine n'kufunsa kuti, ili mukulifuna? Ngakhale risiti ya zaka zisanu. Chimenecho sunachione?"

Kachangu anawerama. Anali atachiona kambirimbiri.

Patapita kanthawi anafunsa ndi mawu otsika. "Ababa, uthenga wanga uja. Amayi ananena chiyani?"

Bambowo anatseka maso. Anali ataumvera kosawerengeka, moti mawu onse anali pamtima. Anayamba kunena, koma anali mawu a mwamuna, okhuthala, opanda kupuma kuja kwa munthu wodwala, opanda kaseko kaja kothera m'chifuwa.

"Anati, Kachangu mwanawe, ndikumva kuti mayeso ayandikira. Ine ndili bwino, usadandaule. Iwe uli ndi nzeru kuposa tonse m'nyumbamo. Koma usamathamange. Ukamaliza kulemba, usaimirire. Utembenuze pepala, uone kuseri."

Anatsegula maso. "Kenako anaseka. Kusekako sindingathe."

Apa Kachangu analira mokweza, ngati mmene analirira tsiku la maliro lija, ndipo mayi wogulitsa zipatso pafupi anatembenukira kumbali kuti asawaone.

7. Mafoni ena

Amene anayamba kulankhula anali bambo ake.

"Chinthu chimenechi chili mufoni mwanga mokha?"

"Pakali pano chili mwa abale a antchito okha. Kwa anthu onse chipita lero."

"Nthawi yanji?"

"5 koloko."

"Anthu angati?"

"Zikwi makumi anayi."

Bambowo anasuzumira wotchi ya pakhoma m'sitolo muja. Inali 4 koloko itadutsa ndi mphindi khumi.

"Mwa anthu onsewo, ukuganiza kuti wamasiye ndine ndekha? Dzuka."

Kachangu anadzuka, n'kuimbira a Injiniya. Foni inangoitana osayankhidwa. Anaimbira bwana. Inali yozima.

"Sakandimvera, Ababa. Ndine wophunzira chabe. Ndikakanena kuti ndinanama, ntchito ija yatha."

"Mwina yathadi," anatero bambowo. Sanamunyengerere. Anatenga foni yawo, n'kuipukuta pamalaya monga ankachitira masana aliwonse, n'kuiika m'dzanja la mwana wawo. "Pita nayo iyi. Usakalankhule zambiri. Ukawaonetse pamene palembedwa kuti palibe mauthenga, ukawauze kuti panali ndani."

"Nanga inu mutsala opanda foni?"

"Ndizimveramo chiyani?"

Anawerama n'kutola nsapato ija. Anayesa kulowetsa ulusi pasingano, koma unaphonya. Anayesanso, unaphonyanso. Kachangu sanathe kupitiriza kuyang'ana.

Minibasi inachedwa kudzaza, ndipo panjira inaima paliponse pamene munthu anakweza dzanja. Kachangu anakhala pafupi ndi chitseko, foni ya bambo ake ataigwira ndi manja awiri. Anatsika isanaimitsitse. Anadutsa mlonda osamupatsa moni, n'kulowa pakhomo la masitepe kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti 5 koloko ikwane.

Pakati pa masitepe anakumana ndi a Injiniya akutsika, chikwama chili paphewa, akuimba kaluzu.

"Wabwera, mwini wake wa mawu!" anatero mosangalala. "Bwana akukufuna, akuti wagwira ntchito yooneka. Zonse zinali zokonzeka, ndiye anati palibe chodikirira 5 koloko. Tatumiza kale, patha theka la ola."

Kachangu anagwira chitsulo cha masitepe. Pamwamba, chitseko cha bwana chinali chotsegula pang'ono, ndipo mkatimo foni ya pa ofesi inali itayamba kulira. Anayang'ana foni ya bambo ake, n'kukwera masitepe otsalawo limodzilimodzi.